Phunziro Limene Hyeran Analidumpha

Hyeran anaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale mumzinda wa Daegu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo atapuma pantchito analumbira kuti sadzagwiranso choko. Lumbirolo silinathe ndi chaka chomwe. Amene anamuphwanyitsa anali achemwali ake, a Sundeok, amene anali ndi kashopu kosokera zovala mkati mwa msika, pakati pa mayi wogulitsa mabulangete ndi bambo wonola masizasi.

"Undiphunzitse Chingerezi," anatero a Sundeok tsiku lina, osadzutsa mutu pa makina. "Taegyun wagula tikiti. Mwezi wa Novembala ndikupita ku Australia."

Taegyun anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anapita kunjako kukagwira ntchito yowotcherera zitsulo, nakwatira mzungu dzina lake Bridget, ndipo tsopano anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu, Nari, amene agogo ake ankangomuonera pa foni. Pa Chikoreya mwanayo ankangodziwa kupereka moni ndi kupempha chakudya.

"Achemwali, miyezi inayi ndi yochepa," anatero Hyeran.

"Ana a eni wawaphunzitsa mpaka imvi mbuu. Ine ndiye ndakulakwira chiyani? Sindikufuna kukalankhula pa wailesi. Ndikungofuna kuti mdzukulu wanga akandifunsa kanthu ndisamangosekerera ngati chitsiru."

Hyeran sakanatha kukana. Bambo awo atamwalira, a Sundeok analekera sukulu ku pulayimale nalowa fakitale yoluka nsalu ali ndi zaka khumi ndi zinayi, kuti mng'ono wawo, amene aphunzitsi ankati ali ndi mutu, apitirize. Anakhala mu fakitalemo mpaka Hyeran atamaliza koleji, ndipo anatulukamo khutu lakumanzere litagontha ndi phokoso la makina. Nkhaniyi sankaitchula. Akafuna kumva bwino ankangotembenuza mutu.

Anapangana zophunzira m'mawa, makasitomala asanayambe kubwera. Hyeran anagula buku la oyamba kumene, la zilembo zikuluzikulu, ndipo Lolemba anapeza achemwali ake atasesa tebulo lodulirapo nsalu, atasongola mapensulo atatu, kope latsopano lili pambali pa tiyi wa balere.

"Tisanayambe," anatero a Sundeok, "usandione chonchi. Chiganizo chimodzi ndikuchidziwa kale. Ndachisunga zaka zoposa makumi anayi, sindinachitulutsepo pakamwa pa munthu aliyense poopa kundiseka. Ngakhale Taegyun sadziwa."

Anaimirira, nawongola epuloni, nakhosomola pang'ono.

"Shi izu nati mai sisuto."

Atatero anamuyang'ana mng'ono wawo kumaso.

"Ndalakwitsa?"

"Ayi. Mwatchula bwino."

"Ukukumbuka? Tsiku lija ndinabwera ku koleji kwanu ndi jekete. Unandionetsa kwa mphunzitsi wako wachizungu, wamtali uja. Sisuto ndinadzamva kuti ndi mchemwali. Zinazo ndimangoziimba ngati nyimbo."

Hyeran ankakumbuka. Inali nthawi yachisanu, iye ali chaka chachiwiri. Anali ataima pa geti ndi Mayi Halvorsen, mphunzitsi wochokera ku America, pamodzi ndi anzake awiri a m'kalasi, ana a madokotala, amene ankavala nsapato zachikopa. Kenaka anaona achemwali ake akubwera chothamanga, atavala yunifomu ya ku fakitale, tsitsi lili ndi thonje, m'manja muli jekete limene anamusokera ndi mbatata zowotcha zokulunga m'nyuzipepala. Mayi Halvorsen anamwetulira nafunsa ngati ameneyu anali mchemwali wake, poti nkhope zinali zofanana. Ndipo Hyeran, m'Chingerezi chomveka bwino chimene ankanyadira nacho, anayankha kuti ayi, uyu si mchemwali wanga. Anawonjeza kuti anali mtsikana wa kumudzi kwawo amene amayi ankamutuma. A Sundeok anawerama katatu, mano onse pamtunda. Atafunsa pambuyo pake kuti wanena chiyani, Hyeran anati, "Ndawauza kuti ndinu achemwali anga."

Kwa zaka zambiri ankadziuza kuti zinaiwalika. Sanadziwe kuti mawuwo analowa m'khutu labwino lija nakhazikika momwemo, onse asanu, osasowa ndi amodzi omwe.

Lolemba lija Hyeran anaphunzitsa zilembo ngati munthu wodwala malungo. Atafika kunyumba anatsegula bukulo nayang'ana mitu yake. Mutu woyamba unali wa moni. Wachiwiri unali wa ine ndine, iwe ndiwe, iye ndi. Anapitiriza ndi chala mpaka mutu wachisanu ndi chiwiri, wa ziganizo zokana, ndipo kamawu kaja kanali pamwamba penipeni pa tsamba, kolembedwa mofiira: not.

A Sundeok anali wophunzira wabwino kuposa ana ambiri amene Hyeran anawaphunzitsapo, koma wamakani. Chilichonse ankafuna kudziwa kuti anachipanga ndani komanso chifukwa chiyani.

"Ukuti you ameneyu ndi wa aliyense? Mwana you, apongozi you, galu you?"

"Eya."

"Ndiye Bridget akandiitana mofanana ndi galu wawo?"

"Ulemu wawo amauika pena, achemwali."

"Auike pomwe ndingauone."

Zoti mneni amakhala pakati pa chiganizo zinawavuta sabata yathunthu. Iwo anazolowera kuti mneni amabwera kumapeto, ngati mpendero wa siketi: umayamba wadula, walumikiza, kenaka n'kupinda. Azungu, anatero, amapinda mpendero nsalu isanadulidwe. Chilembo cha s chimene chimawonjezeka pa mneni ukamanena za munthu mmodzi anachitcha kabatani, ndipo akachiiwala ankadzimenya pachipumi ndi pensulo, amvekere, "Kabatani kagwa." Atafika pa nthawi yakale n'kumva kuti go sasanduka goed koma went, anaponya pensulo patebulo.

"Ameneyu ndi telala woledzera. Watenga mkono wa malaya ena n'kuusokerera pa jekete lina."

Hyeran ankaseka, ndipo masiku ena ankaiwala. Kuyambira ali ana anali asanakhalepo pamodzi m'mawa uliwonse chonchi. Koma bukulo linkapita kutsogolo, ndipo atamaliza mutu wachisanu ndi chimodzi anatembenuza masamba anayi nthawi imodzi.

"Wadumpha," anatero a Sundeok.

"Uwu ndi wovuta. Tidzaubwerera."

"Wovuta kuposa telala woledzera uja?"

"Mphunzitsi ndine, achemwali."

Sanatsutse. Pa nkhani za sukulu ankamukhulupirira mng'ono wawo ngati dokotala, ndipo kukhulupirirako n'kumene kunkamupweteka Hyeran koposa. Chiyambire ntchito anali asanadumphepo phunziro. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wosatha kukana sangakhale masabata asanu ndi imodzi m'nyumba ya eni. Achemwali ake mkaka unkawatsegula m'mimba, ndipo atafunsa kuti akanena bwanji kuti samwa mkaka, iye anawauza kuti azingopukusa mutu n'kunena no. Atafunsa za mmene anganenere kuti sakumva, anawaphunzitsa kupempha kuti munthu abwereze. Chiganizo chilichonse chokana ankachilambalala ngati chithaphwi.

Kawiri konse anachoka kunyumba atatsimikiza kuti lero aulula. Ulendo woyamba anapeza m'shopu muli mayi wa mabulangete akumwa tiyi, ndipo mayiyo atangomuona anati, "Aphunzitsi athu aja ndi awa. Achemwali anu satopa kutiuza za tsiku limene munawaonetsa kwa pulofesa wachizungu, iwo ali ndi yunifomu ya ku fakitale. Ana a masiku ano angachite zimenezo? Angakubise kuseri kwa chitseko." Hyeran anangomwetulira. Ulendo wachiwiri munalibe mlendo aliyense. Anangoona achemwali ake atawerama pa kope, lilime lili panja pang'ono, akulemba dzina la mdzukulu wawo m'zilembo za Chingerezi, ndipo iye anangotsegula buku n'kuyamba phunziro.

Lamulungu lina masana, mwezi wa Okutobala, anali ku nyumba kwa a Sundeok akusenda adyo pamene Taegyun anaimba foni ya kanema. A Sundeok anapukuta manja, nakonza tsitsi, naimika foni pa botolo la mafuta.

"Lero ndiyesa ndekha," anatero a Sundeok. "Iwe ukhale chete."

Anamupatsa moni Nari m'Chingerezi, namuuza kuti agogo amakonda maapulo, namufunsa zaka zake. Mwanayo anayankha, ndipo agogo anamva, nawomba m'manja. Kenaka Nari anathamanga n'kubwera ndi chidole chachikulu cha tsitsi lachikasu, nachiika pamaso pa foni. A Sundeok anaona mwayi wogwiritsa ntchito mawu awo akale. Analoza chidolecho nafunsa mwanthabwala ngati ameneyo anali sisuto wake.

Nari anaseka mpaka kugwera pa mpando. "She is not my sister!"

A Sundeok anatembenuza mutu, khutu labwino kuloza ku foni.

"Wati chiyani?"

"Akuti ameneyu si mchemwali wake, amayi," anatero Taegyun akuseka. "Akuti ndi chidole."

"Muuze abwereze."

Mwanayo anabwereza, mokweza, akutsindika kamawu kapakati kaja monga amachitira ana akamakonza munthu wamkulu.

Hyeran anayang'ana adyo amene anali m'manja mwake. Achemwali ake anapitiriza kucheza ngati palibe chachitika. Anafunsa za nyengo, anafunsa ngati akaloledwe kulowa ndi tsabola wogaya, anamupatsa moni Bridget. Foni itadulidwa anaitenga n'kuiika chafufumimba patebulo. Anatenga adyo wina nayamba kusenda, ndipo anasenda atatu asanalankhule.

"Kamawu aka koti nati ndi kaja kali pa masamba unadumpha?"

"Eya."

"Ntchito yake ndi kukana."

"Eya, achemwali."

"Ndiye tsiku lija pa geti."

Hyeran anatsika pa mpando nagwada pansi. Mawondo ake anali atayamba kale kuvuta, ndipo anawamva akulira pamene ankagunda pansi. Anafotokoza zonse: za ana a madokotala, za thonje la m'tsitsi, ngakhale za mtsikana wotumidwa, zimene achemwali ake sakanazidziwa akanapanda kuzinena. Ankayembekezera kuti akaulula mtima upepuka. Sunapepuke.

"Ndinawerama katatu," anatero a Sundeok. "Mzungu uja ankandiyang'ana mwachifundo, ine n'kumati ndi ulemu. Jekete lija ndinalisoka masabata atatu, pa makina obwereka."

"Ndinali wopusa. Ndikhululukireni."

"Unali ndi zaka makumi awiri. Yunifomu ija inenso inkandichititsa manyazi, ndikakwera basi ndinkaiphimba ndi mpango. Ukanandiuza chaka chotsatira, kapena tsiku la ukwati wako, ndikanakutukwana n'kutha." Anaika mpeni pansi. "Koma miyezi itatu iyi si mwana wa zaka makumi awiri amene wakhala pa tebulo langa. Ndi gogo wa imvi. M'mawa uliwonse ukumwa tiyi wanga, ukundiyang'ana m'maso, ukutembenuza masamba kuti ndikhalebe mbuli. Unali wokonzeka kunditumiza kwa eni ndisakutha kunena kuti sindikufuna."

Hyeran anakhalabe chogwada.

"Dzuka, mawondo akowo ndi obwereka. Dzuka uzipita kwanu."

Panapita masiku asanu ndi anayi. Hyeran ankadzuka nthawi yomweyo ya phunziro, kuvala, kenaka n'kukhala pa mpando chikwama chili pamiyendo. Mwamuna wake anafunsa ngati sukulu yatsekera, iye anangoti achemwali atanganidwa. Tsiku lina anafika mpaka mu msika, naima kuseri kwa mulu wa mabulangete. Anawaona achemwali ake pa makina, buku lili chotsegula pambali, akusoka mzere umodzi n'kusuzumira pa tsamba, milomo ikugwedera. Anabwerera osalowa.

Tsiku lakhumi foni inalira m'mawa.

"Kwatsala masabata awiri ndi theka," anatero a Sundeok. "Ukubwera kapena ndipeze mphunzitsi wina?"

Atafika anapeza tiyi ali pamalo pake, koma achemwali ake sanamwetulire. Anamukankhira kope.

"Mutu uja ndaphunzira ndekha. Mayi wogulitsa mankhwala ku famase anandithandiza pang'ono. Chonga. Ndipo uchonge ngati mmene unkachongera ana a eni, usandimvere chisoni."

Panali ziganizo khumi, zolembedwa motsindika mpaka pensulo kuboola pepala. Hyeran anatulutsa cholembera chofiira. Choyamba chinali cha mkaka, ndipo chinali cholakwika: analemba am pamene pankafunika do. Anawafotokozera kuti ukamakana chimene uli, not amatsatira am, koma ukamakana chimene umachita, pamafunika kamneni kothandizira. A Sundeok anang'ung'udza kuti azungu sangakane chinthu popanda kuitana wowathandiza, koma analemba. Chachiwiri chinkati iwo si mwana. Chachitatu chinkati sakonda ndege. Pa chachisanu kabatani kanakhala pamalo olakwika. Chachisanu ndi chitatu chinkati, I am not happy.

Hyeran anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chalakwika?"

"Ayi. Chili bwino."

"Ndiye chonga."

Anachonga. Chizindikirocho chinatuluka chokhota.

Masiku otsalawo anagwira ntchito ngati anthu olima mvula ili pafupi. Anamaliza zokana, anachita mafunso, anayeserera za pa bwalo la ndege, Hyeran akukhala wofunsa mapasipoti. A Sundeok ankasekabe telala woledzera, koma akaseka sankamuyang'ananso mng'ono wawo kuti aseke naye. Za pa geti sanazitchulenso mpaka tsiku lonyamuka, ali pa siteji ya basi yopita ku bwalo la ndege, masutikesi awiri atalowa kale. Anatulutsa makiyi a shopu m'thumba.

"Muli mathalauza asanu ndi awiri ndi madiresi atatu, mayina ndamata. Eni ake azibwera. Uzitsegula m'mawa mpaka masana."

"Chabwino, achemwali."

"Ndipo anthu a mu msika usawauze kanthu. Ndakuona nkhope yako, ukufuna kuulula kwa aliyense kuti upepukidwe. Nkhani ija ndaikamba zaka zambiri. Ukaisintha, wosekedwa ndine."

"Nanga akaiyambitsa?"

"Uzimwetulira. Unazitha kale."

Basi inanyamuka. Hyeran anakweza dzanja, ndipo achemwali ake anagwedeza mutu kamodzi pawindo.

Anachita monga anauzidwa. M'mawa uliwonse ankatsegula shopu, kusesa ulusi, kukhala pambali pa makina amene sankadziwa n'komwe kulowetsa ulusi wake. Mayi wa mabulangete ankabwera ndi tiyi, ndipo kawiri pa sabata ankaiyambitsa nkhani ija, nthawi zina pamaso pa makasitomala, akuwonjezera zake: tsopano pulofesa uja anali atawagwira chanza a Sundeok n'kuwaitanira ku ofesi. Hyeran ankamwetulira. Pobwerera kunyumba ankatsika basi siteji imodzi isanakwane kuti ayende pansi, nkhope ipume.

Sabata yachitatu, akukulunga thalauza la bambo wina amene anaima pakhomo, foni inalira. Anali achemwali ake, ndipo kumbuyo kunkamveka mwana akuimba.

"Kuno kukutentha ngati ng'anjo, Novembala wake ameneyu," anatero a Sundeok osapereka moni. "Bridget ndi munthu wabwino koma mpunga amaphika ngati phala. Dzulo ndamuuza kuti asamatsegule poto usanapse. Ndanena ndekha, wamva."

"Mwachita bwino."

"Sindinaimbire zimenezo. Nari akundifunsa zinthu za kutsogolo. Akufuna kudziwa ngati ndidzabwerenso, ngati ndidzamusokere diresi la ku sukulu. Ine ndikungodziwa za lero ndi za dzulo. Za mawa amanena bwanji?"

"Ndi mutu wakhumi ndi chiwiri. Sitinafikepo."

"Ndikudziwa kuti sitinafikepo, ndinawerenga masamba onse ndisananyamuke. Buku ndinaliiwala pansi pa tebulo lodulira. Litenge."

Hyeran anawerama, nalipeza pakati pa zidutswa za nsalu. Bambo wa thalauza uja anayang'ana wotchi yake. Hyeran anamupatsa katundu wake ndi dzanja limodzi, napepesa ndi mutu, nakhala pansi.

"Muli ndi pensulo, achemwali?"

"Ndili ndi khrayoni ya mwana. Yamba. Ulankhule mokweza, foni ndaika ku khutu lolakwika."

Hyeran anadikira kuti achemwali ake asinthe khutu, kenaka anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba pa tsamba.